BP ndi shuga wa amayi apakati: matenda akuchulukadi, kapena tangoyamba kuyeza?

M'chaka cha 2022, bungwe loona za matenda ku America la CDC lidatulutsa lipoti losonyeza kuti mwa amayi 100 aliwonse ochirira m'zipatala za dzikolo, amene adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi adachoka pa 13 mu 2017 kufika pa 16 mu 2019. Patangopita miyezi, bungwe lomwelo lidanenanso kuti shuga wobwera ndi pakati adakwera kuchoka pa amayi 6 pa 100 aliwonse mu 2016 kufika pa oposa 8 mu 2021. Nkhani zotere zikafika kuno, ena amagwidwa nthumanzi n'kumati uchembere wa masiku ano waopsa kuposa wa agogo athu. Ena amangoziponya kunkhongo, amati amenewo ndi matenda a anthu okhuta, ife tili ndi malungo ndi njala zotikwanira. Onsewa akuphonya. Chiwerengero cha matenda chikakwera, tisanafunse kuti chalakwika n'chiyani m'matupi mwa amayi, tiyenera kuyamba tafunsa kuti wayeza ndani, wayeza amayi angati, ndipo malire a matendawo wawaika pati. Mafunso amenewa tikawabweretsa pa Malawi, yankho lake silokondweretsa. Ziwerengero zathu zimaoneka zotsika chifukwa amayi ambiri sayezedwa mokwanira, pomwe zinthu zimene zimakweza matendawa kwina kulikonse zafika kale pakhomo pathu.

Tiyambe ndi BP, popeza ndiyo imapha msanga. Vuto limene madokotala amalitcha preeclampsia limabwera pakati pakapitirira masabata 20. BP imafika pa 140/90 kapena kupitirira, ndipo kawirikawiri mumkodzo mumapezeka puloteni, chizindikiro chakuti impso zayamba kuvutika. Gwero lake lili mu nsengwa. Pakati pakamayamba, timitsempha ta m'chiberekero timayenera kufutukuka kuti magazi azifika ambiri kwa mwana. Izi zikapanda kuchitika bwino, nsengwa imasowa magazi n'kuyamba kutulutsa zinthu zimene zimawononga mitsempha ya mayi thupi lonse: mu impso, m'chiwindi, m'maso, mpaka mu ubongo. Mayiyo akhoza kukhala masabata angapo akulima, akugulitsa tomato, akuseka ndi anzake, osamva kalikonse. Mutu ukayamba kuwawa mosalekeza, maso akayamba kuona zinthu ngati nyenyezi kapena chifunga, nkhope ndi manja zikatupa, pansi pa nthiti kumanja pakayamba kupweteka, ndiye kuti matenda apita kale patali. Chotsatira ndi kukomoka ndi kuphupha ngati wakhunyu, komwe ndiye eclampsia. Bungwe la WHO limati preeclampsia imagwira amayi apakati pa 2 ndi 8 mwa 100 aliwonse oyembekezera, ndipo chaka chilichonse imatenga miyoyo ya amayi pafupifupi 46,000 ndi ana pafupifupi 500,000 padziko lonse.

Shuga wa pakati ndi wofatsa poyerekeza ndi BP, n'chifukwa chake amanyozeka. Nsengwa imatulutsa mahomoni amene amachititsa kuti insulin asamagwire ntchito mwamphamvu, kuti shuga wina azitsalira mwana. Amayi ambiri kapamba wawo amangoonjezera insulin, zinthu n'kuyenda bwino. Kwa ena kapamba amalephera, shuga n'kukwera m'magazi, kudutsa mu nsengwa, mwana n'kumanenepa mopitirira muyezo. Mwana wa makilogalamu anayi kapena kuposa apo amasangalatsa achibale pa tsiku lotuluka m'chikuta, koma mzamba amadziwa zomwe zidachitika m'chipinda chochirira: mapewa kukakamira, mayi kung'ambika, kutaya magazi, opareshoni yadzidzidzi, ndi khanda limene shuga wake amatsika mwadzidzidzi likangobadwa. Komanso mayi wa shuga amagwidwa ndi preeclampsia mosavuta. Matenda awiriwa amayendera limodzi.

Nanga akuchulukadi? Gawo lina la kukweraku, makamaka kwa shuga, lidachokera m'zipinda za misonkhano. Mu 2008 padatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa HAPO, amene adatsata amayi oposa 23,000 m'mayiko 9. Adapeza kuti palibe mzere weniweni pomwe shuga amayambira kukhala woopsa: akamakwera pang'onopang'ono, mavuto kwa mwana nawo amakwera pang'onopang'ono. Akatswiri adayenera kusankha okha poika mzerewo, ndipo mu 2010 adauika pa 5.1 kwa mayi amene sadadye kanthu m'mawa, pomwe muyezo wakale wa WHO wa 1999 udali pa 7.0. WHO idavomereza muyezo watsopanowu mu 2013. Msodzi akasiya ukonde wa maso akuluakulu n'kutenga wa maso ang'onoang'ono, bwato limadzaza ngakhale nsomba m'nyanja sizidachuluke. Ndi mmene zidakhaliranso apa: mwa amayi omwe aja a HAPO, pafupifupi 18 pa 100 aliwonse adapezeka kuti ali ndi shuga wa pakati malinga ndi muyezo watsopano. Kafukufuku wina wochitika m'zipatala za mumzinda wa Blantyre adaonetsa zimenezi poyera. Pogwiritsa ntchito muyezo wakale, amayi opezeka ndi shuga sadakwane 2 pa 100 aliwonse. Pa muyezo watsopano, adali pafupifupi mmodzi mwa anayi. Amayi omwewo, magazi omwewo, tsiku lomwelo. Munthu akakuuzani kuti shuga wa pakati wakwera kakhumi, mufunseni kaye kuti wagwiritsa ntchito muyezo uti.

Preeclampsia nayo idasinthidwa malire. Mu 2013 bungwe la madokotala a amayi ku America lidagamula kuti mayi akhoza kukhala nayo ngakhale mumkodzo mulibe puloteni, bola BP ndi yokwera ndipo ziwalo zina monga chiwindi kapena impso zikuonetsa kuvutika. Koma kwa ife chimene chasintha kwambiri ndi malo ochirira. Kafukufuku wa zaumoyo amene amachita ofesi ya National Statistical Office adapeza kuti mu 2004 ana 57 okha pa 100 aliwonse ndiwo amabadwira kuchipatala. Boma litaletsa azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007, mafumu ambiri atayamba kulipiritsa chindapusa mayi wochirira pakhomo, chiwerengerocho chidafika pa 73 mu 2010 ndi pa 91 mu 2015 ndi 2016. Mayi amene kale akadakomokera m'nyumba ya mzamba, imfa yake n'kufotokozedwa kuti ndi mdulo, khunyu kapena dzanja la munthu, lero akukomokera pa bedi la chipatala pomwe wina alemba dzina la matendawo m'kaundula. Anamwino akale akamati masiku ano amayi a BP achuluka m'mawodi, akunena zoona, koma gawo lina la zomwe akuonazo ndi amayi amene kale sankafika n'komwe. M'zaka zomwezo imfa za amayi pa ana 100,000 obadwa amoyo zidatsika kuchoka pa 984 mu 2004 kufika pa 675 mu 2010 ndi pa 439 mu 2015 ndi 2016. Uchembere sudaopse kuposa kale ayi.

Wina anganene kuti basi, ndiye kuti nkhani yonseyi ndi ya makaundula, tigone tulo. Pamenepo m'pomwe pali msampha. Ngakhale titachotsa za miyezo ndi za kalembera, pali kukwera kwenikweni, ndipo zoyambitsa zake n'zodziwika: kunenepa, kubereka munthu atakula, ndi kutenga pakati uli kale ndi BP kapena shuga. Ku America komweko, mu 2021 shuga wa pakati adapezeka mwa amayi osakwana 3 pa 100 aliwonse a zaka zosafika 20, koma mwa azaka 40 kupita m'tsogolo adali oposa 15. Kunenepa sikulinso nkhani ya kunja. Mu 1992 amayi a ku Malawi onenepa kupitirira muyezo adali pafupifupi 10 pa 100 aliwonse. Pofika 2015 ndi 2016 adali 21, ndipo m'matauni adali oposa mmodzi mwa atatu. Bungwe la MEIRU litayeza anthu akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Area 25 mu Lilongwe ndi kumidzi ya ku Karonga, lidapeza kuti amayi 44 pa 100 aliwonse a m'tauni ndi 27 a kumudzi adali onenepa kupitirira muyezo, pomwe amuna adali 18 ndi 9 basi. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 adapezanso kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera. Zifukwa zake tikuziona ndi maso: ufa woyera m'malo mwa mgaiwa, tiyi wa masupuni anayi a shuga, mandasi, chiwaya, zakumwa zotsekemera zotsika mtengo kuposa mkaka, minibasi ndi kabaza pomwe kale panali kuyenda pansi. Pa zonsezi onjezerani mwambo wathu woyamikira mkazi wonenepa kuti akusungidwa bwino, mwambo umene udalimba kwambiri m'zaka za Edzi pomwe kuonda kunkabweretsa manong'onong'o.

Chimene chikutisiyanitsa ndi mayiko olemera n'chakuti ife tapanikizika mbali ziwiri. Iwo vuto lawo ndi mayi wazaka 38 amene akubereka mwana woyamba. Ife mayi wotere wayamba kupezeka m'matauni, koma mtsikana wazaka 16 sadachoke pa mzere wa sikelo. Mu 2015 ndi 2016, atsikana 29 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Preeclampsia imakonda mimba yoyamba, ndipo kukomoka kumagwira kwambiri achichepere. Ofufuza a ku King's College London ndi anzawo a m'mayiko ena atatsata amayi oposa 500,000 ochira m'madera 10, kuphatikizapo Zomba, Lusaka, Ndola ndi Harare, adapeza kuti mwa onse amene adakomoka ndi eclampsia, mmodzi mwa atatu adali wosakwana zaka 20, koma ku Zomba adali theka. Palinso masamu ena amene sitiwaganizira. Mu 1992 mayi wa ku Malawi ankabereka ana pafupifupi 6.7, mu 2015 ndi 2016 adali pa 4.4. Kulera kwapulumutsa miyoyo yambiri, palibe wokana, koma ana akamachepa pa mayi aliyense, mimba zoyamba zimatenga gawo lalikulu pa mimba zonse. Choncho ngakhale kadyedwe kathu kakadapanda kusintha, gawo la amayi apakati okhala pa chiopsezo cha preeclampsia likadakwerabe.

Komabe kuchuluka kwa matenda ndi kuchuluka kwa maliro ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ku Britain amayi akunenepa ndiponso akubereka atakula monganso ku America, ndipo preeclampsia ikadalipo yambiri. Koma amene adamwalira nayo m'dziko lonselo adali 19 m'zaka za 2006 mpaka 2008, ndipo m'zaka za 2012 mpaka 2014 adali awiri okha pa amayi oposa 2 miliyoni amene adachira. Chiwerengerocho chidakwerako pang'ono pambuyo pake, koma chikadali chochepa zedi. Sadapeze mankhwala achilendo. Amayeza BP ndi mkodzo ulendo uliwonse wa ku sikelo, amapereka asipirini kwa amene ali pa chiopsezo, amatsitsa BP ikakwera, amachiritsa mayi nthawi isanathe, ndipo imfa iliyonse amaifufuza kuti adziwe pomwe padalakwika. Kuno kwathu eclampsia ikadali m'gulu la zinthu zitatu zimene zikupha amayi kwambiri, pamodzi ndi kutaya magazi ndi matenda olowa m'thupi pochira kapena pambuyo pa opareshoni. Chotisiyanitsa ndi Britain ndi nthawi imene matendawo amadziwika.

Tayang'anani mmene m'mawa wa sikelo umayendera pa chipatala chaching'ono. Amayi amafika kusanatenthe, mabuku a kuchipatala atakulungidwa m'nsalu kapena m'jumbo, n'kukhala pa mabenchi kapena pansi pa mtengo. Pamakhala nyimbo ndi phunziro, kenako kukwera pa sikelo, kukatengetsa magazi, kumwa fansida pamaso pa namwino, kulandira neti ndi mapiritsi a magazi, kupimidwa mimba. Dongosololi lidamangidwa kuti lisake adani odziwika, ndipo pa amenewo lachita bwino kwambiri. Malawi ndiye dziko loyamba kupereka fansida kwa amayi apakati, mu 1993, ndiponso loyamba kuika mayi aliyense wapakati wopezeka ndi HIV pa ma ARV a moyo wonse, mu 2011. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adasonyeza zotsatira zake: mwa amayi opita ku sikelo, oposa 9 mwa 10 adatengedwa magazi, pafupifupi 8 mwa 10 adayezedwa BP, koma amene adaperekako mkodzo adali pafupifupi atatu okha mwa 10. Ndipo kuyezedwa BP kumene kukunenedwaku ndi kwa ulendo ngakhale umodzi pa mimba yonse, pomwe preeclampsia ikhoza kubuka pakati pa ulendo wina ndi unzake. Zoyezera HIV zikatha pa chipatala, nkhani imafika kulikulu sabata yomweyo, chifukwa pali wowerengera ndi wofunsa. Makina a BP akatha mabatire kapena chingwe chake chikabooka, m'buku mumangotsala danga, ndipo mwezi umatha.

Pali chizolowezi choloza chala amayi, kuti amachedwa kuyamba sikelo. N'zoona kuti m'kafukufuku yemweyo mayi mmodzi yekha mwa anayi ndiye adayamba m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo amene adapita kanayi kapena kuposa apo adali theka, pomwe WHO kuyambira 2016 imalimbikitsa maulendo 8. Kuchedwaku kumawononga zambiri, chifukwa asipirini wa mlingo wochepa, amene amateteza ku preeclampsia, amagwira bwino ntchito akayambidwa kumayambiriro. Kafukufuku wa ASPRE wa 2017 adapeza kuti mwa amayi a chiopsezo chachikulu amene adayamba kumwa asipirini pa masabata 11 mpaka 14, preeclampsia yochititsa kuti mwana abadwe masiku asanakwane idatsika ndi 62 pa 100 iliyonse. Mayi wofika ndi mimba ya miyezi isanu ndi umodzi mwayi umenewo wamudutsa. Koma tifunsenso chifukwa chake amachedwa. Pakati posaoneka sipalengezedwa, amaopa anthu oipa mtima. Chipatala chili kutali. M'malo ena mayi wobwera popanda mwamuna amabwezedwa kapena kutumidwa kukatenga kalata kwa mfumu, lamulo limene limalanga kwambiri mtsikana wokanidwa mimba, yemwenso ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu cha kukomoka. Ndipo mayi amene adayenda maola awiri, n'kubwerera atangokwera pa sikelo ndi kupimidwa mimba, adzauza mnzake kuti kulawirira kulibe phindu. Amayi adauzidwa kuti asiye azamba abwere kuchipatala, ndipo adabwera. Ngongole tsopano ili kwa amene adawaitana.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi cha ndalama. Dziko limene likusowa magazi m'zipatala, mafuta a ambulansi ndi magolovesi lingayambe bwanji kusaka matenda obisika? Pa BP, chotsutsachi sichiima. Makina oyezera, timapepala toviika mumkodzo, asipirini, methyldopa, nifedipine ndi hydralazine zili m'gulu la zinthu zotsika mtengo kwambiri m'chipatala. Magnesium sulphate, mankhwala oletsa kukomoka, ndi akalekale ndiponso osakwera mtengo; kafukufuku wa Magpie wa 2002, wa amayi oposa 10,000 m'mayiko 33, adasonyeza kuti amachepetsa kukomoka ndi 58 pa 100 iliyonse. Chovuta ndi manja. Mlingo woyamba ndi magalamu 4 mumtsempha pang'onopang'ono ndi magalamu 5 m'thako lililonse, kenako jakisoni wina maola anayi aliwonse kwa maola 24, ndipo jakisoni aliyense asanabayidwe namwino ayenera kuwerenga kapumidwe, kugogoda bondo kuti aone ngati mwendo ukudumpha, ndi kuyeza mkodzo umene watuluka. Namwino amene ali yekha usiku ndi amayi atatu ochira amachita mantha kuwayamba mankhwalawa, amangolemba kalata yotumiza mayi kuchipatala chachikulu, ndipo mayiyo amakomokera pa msewu. Mayi wodwala chonchi akafika kuchipatala cha boma, bedi, opareshoni, magazi ndi chisamaliro cha khanda losakwana masiku zimadya ndalama zochuluka kuposa zimene timati tapulumutsa posagula mabatire.

Tisanamizanenso kuti makina okha athetsa vutoli. Kafukufuku wa m'madera 10 uja ankayesa kachipangizo kotchedwa CRADLE, koyezera BP komwe kamayaka nyali ngati za pamsewu: yobiriwira zili bwino, yachikasu samalani, yofiira thamangani. Sikafuna mabatire ogula, kamatchajidwa ngati foni, ndipo ngakhale mlangizi wa zaumoyo akhoza kukagwiritsa ntchito. Azaumoyo adakakonda ndipo amayi oyezedwa BP adachuluka, koma zotsatira zotuluka mu 2019 sizidathe kutsimikiza kuti imfa ndi kukomoka zatsika chifukwa cha kachipangizoko. Nyali yofiira ilibe phindu ngati palibe galimoto, ngati mankhwala atha, kapena ngati dokotala wopanga opareshoni kulibe. Pamwamba pa izo pali chisankho chowawa chimene palibe makina angachipange. Preeclampsia siitha nsengwa isanatuluke, ndiye kuti nthawi zina mayi ayenera kuchiritsidwa mwana asanakhwime. M'dziko limene lipoti la 2012 lidalitchula kuti ndilo loyamba padziko lonse pa ana obadwa masiku asanakwane, 18 pa 100 aliwonse, kupulumutsa mayi kumatanthauza kukhala ndi malo ofunda, mpweya ndi anamwino a makanda. Kuyeza BP n'chiyambi chabe, koma popanda chiyambicho zina zonsezi zimafika mochedwa.

Pa shuga, otsutsa ali ndi mfundo yomveka, ndipo sitiyenera kuthamangira kutengera zonse za kunja. Kuyeza kwenikweni n'kolemetsa. Mayi wa masabata 24 mpaka 28 amagona osadya, m'mawa n'kuyenda ndi njala kupita kuchipatala, kutengedwa magazi, kumwa madzi osungunulira magalamu 75 a shuga amene ena amawasanzitsa, kenako kukhala pa benchi maola awiri osadya kanthu, n'kutengedwanso magazi pakatha ola limodzi ndiponso pakatha awiri. Kuchita zimenezi kwa mayi aliyense m'dziko muno n'kosatheka lero. Komanso ngati muyezo wa 5.1 ungapeze mayi mmodzi mwa anayi, tidzawatani onsewo? Mu 2022 ofufuza a ku New Zealand adatulutsa zotsatira za kafukufuku woyesa funso lomweli pa amayi oposa 4,000. Muyezo wotsika udapeza shuga mwa amayi 15 pa 100 aliwonse, wokwera udapeza mwa 6, koma ana obadwa akuluakulu adali ofanana mbali zonse ziwiri, pafupifupi 9 pa 100 aliwonse. Amayi ambiri adapatsidwa dzina la matenda, maulendo owonjezera ndi mankhwala, popanda phindu looneka pa gulu lonse. Kwa ife kulakwitsa kotere kungakhale kodula kwambiri: kuuza mayi wa kumudzi amene akudya kamodzi patsiku m'mwezi wa Febuluwale kuti achepetse nsima ndi nkhanza.

Koma kukana kuyeza aliyense sikutanthauza kusayeza ngakhale mmodzi, komwe ndi kumene zipatala zambiri zili lero. Ku Tanzania kafukufuku wotuluka mu 2014 adapeza shuga wa pakati mwa amayi oposa 8 pa 100 aliwonse mumzinda ndi mmodzi yekha pa 100 kumudzi, pa muyezo wakale womwewo. Izi zikutiuza poyambira. Sikelo za ku Ndirande, Kawale, Area 25 ndi Mzuzu ziyenera kukhala ndi makina oyezera shuga ndi timapepala take, ndipo kulikonse mayi wonenepa, wazaka zopitirira 35, amene makolo ake ali ndi shuga, amene adaberekapo mwana wa makilogalamu anayi kapena mwana wakufa popanda chifukwa chodziwika, ayenera kuyezedwa. Njira imeneyi idzaphonya ena, chifukwa alipo amayi oonda ndi achichepere amene amapezeka ndi shuga, koma idzagwira ambiri mwa amene shuga wawo ndi wokwera kwambiri, omwe ndi amene ana awo amafa. Ambiri opezekawo safuna insulin, amene amavuta kusunga popanda firiji; amathandizika ndi kusiya zotsekemera, kubwerera ku mgaiwa, nyemba ndi masamba, kuyenda pansi akatha kudya, ndipo ena ndi metformin. Ndipo muyezo woyenera amayi a kuno uyenera kuchokera pa kafukufuku wa kuno, wotsata mayi mpaka pochira, ntchito imene sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences ili ndi anthu oti angaigwire.

Mbali imene timaiwala kwambiri ndi ya pambuyo pochira. Preeclampsia ikhoza kuyamba kapena kukula masiku angapo mwana atabadwa, mayi atabwerera kale kumudzi, aliyense maso ali pa khanda. Patsogolo pake, mayi amene adadwala preeclampsia amakhala pa chiopsezo chowirikiza pafupifupi kanayi chodzakhala ndi BP yokhalitsa, ndi chowirikiza kawiri cha matenda a mtima ndi sitiroko. Amene adali ndi shuga wa pakati chiopsezo chake chodzadwala shuga weniweni chimaposa kasanu ndi kawiri cha mnzake. Pakati ndiye mayeso oyamba a mtima, impso ndi kapamba wa mkazi, ndipo kwa Amalawi ambiri ndi nthawi yokhayo pa moyo wawo imene amaonana ndi azaumoyo mobwerezabwereza asakudwala. Mayi yemweyo amabweranso mwezi ndi mwezi ku sikelo ya ana kwa zaka zisanu. Mwana amapachikidwa pa sikelo, amalandira katemera, amalembedwa m'buku. Mayi wamubereka kumbuyoyo, amene adakomoka miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, palibe womumanga choyezera BP pa mkono. Tidzakumana naye ali ndi zaka 45, atafa ziwalo mbali imodzi, n'kumati sitiroko yabwera mwadzidzidzi.

Choncho unduna wa zaumoyo, aphungu ndi ife olemba nkhani tikonzekere chinthu chimodzi: tikayamba kuyeza moyenera, ziwerengero za BP ndi shuga wa amayi apakati zidzakwera, mwinanso kuwirikiza. Boma limene lidzanene kuti lapeza amayi ambiri a preeclampsia lisadzadzudzulidwe. Lofunika kufunsidwa ndi limene kaundula wake ali mbee pomwe amayi akukomokera m'mawodi ake. Ziwerengero zoyenera kuzilondola ndi za amayi amene ayezedwa BP ulendo uliwonse, amene alandira magnesium sulphate asanakwezedwe ambulansi, ndi amene amwalira. Inu amene muli ndi pakati, kapena mukuperekeza mkazi wanu, mlongo wanu kapena mwana wanu ku sikelo, tsegulani buku la kuchipatala musanatuluke pa geti, muone ngati manambala awiri a BP alembedwa pa tsikulo. Ngati palibe, funsani. Ngati afika 140/90, funsani za mkodzo ndi tsiku lobweranso. Mutu wosaleka, kusaona bwino, kutupa nkhope ndi manja kapena kupweteka pansi pa nthiti si zodikira tsiku la sikelo: pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ngakhale mwana atabadwa kale.